Mfuti ya Agogo Anu a Makwinja

Chisomo, Madalitso ndi iwe Tadala, za ubwana wanga sindilembapo. Ndinalekeza sukulu sitandade 7, ndinakwatiwa ndi bambo anu, basi. Ndiyambira pamene ndinayamba ntchito, chifukwa mukandifunsa ndimangoyankha mwachidule, ndipo pali nkhani ya agogo anu a Makwinja imene munakula mukuimva mbali imodzi.

1995, Chileka

Ntchito ndinaipeza Chisomo ali ndi miyezi isanu. Bambo anu nthawi imeneyo ankakweza mchenga m'malole, lero ganyu ilipo, mawa palibe. Mayi wina wakumpingo anandiuza kuti a Kamwendo akufuna munthu wosesa. A Kamwendo anali bambo wachikulire amene anapuma ntchito kumalo okonzera sitima ku Limbe. Kuseri kwa nyumba yawo anamanga shedi ya malata, ndipo m'menemo munali makina osemera zitsulo. Makinawo amagwira chitsulo n'kumachizunguza, iwe n'kumachisenga ndi kampeni kolimba pang'onopang'ono mpaka chifike pa muyeso. Ankakonza mashafuti a zigayo, zitsulo za mijigo ndi za njinga. Ndege ikamatera malata ankanjenjemera, iwo osatukula n'komwe mutu.

Tsiku loyamba sanandifunse za sukulu. Anandiyang'ana chitenje, nati, "Nagama, nsonga izo zilowe m'kati, mumange zolimba. Makina awa sadziwa kuti uyu ndi mayi wa mwana." Chisomo ndinkamusiya pakhonde ndi mayi Kamwendo, akalira ndinkatuluka kukamuyamwitsa, n'kubwerera.

Ndinasesa miyezi itatu. Posesa ndinkatola mabawuti ndi manati ogwera pansi, ndipo poti sindinkafuna kuwataya ndinayamba kuwaika m'zitini za mkaka, ofanana pamodzi. Tsiku lina a Kamwendo akufunafuna nati yolowa pa bawuti ina, ndinangoigwira bawutiyo ndi zala, n'kupita pachitini, n'kuwapatsa. Inalowa. Sanayamikire. Mawa lake anandimangira kachitsulo pa vayisi, chopanira zitsulo chija, nandipatsa tupa, nati ndikapale mpaka kakhale kosalala kofanana mbali zonse. Ndinapala kachitsulo kameneko pafupifupi mwezi wathunthu, iwo n'kumangobwera, kuikapo lula, kuyang'ana padzuwa, n'kupukusa mutu. "Tupa amadya popita, pobwera amapuma. Inu mukumudyetsa uku ndi uku ngati mukupala mnkhaka." Chaka chisanathe ndinali ndikuima pa makina.

Zigayo ndi zimene zinkawadyetsa, koma mtima wawo unali pa mfuti. Anali ndi chiphaso cha boma chokonzera mfuti, ndipo Loweruka ankalisungira zimenezo. Kunkabwera alonda a m'maesiteti, alimi olinda anyani, ndi anthu a mfuti za mphepo zowombera njiwa. Wobwera wopanda pepala la mfuti yake ankamubweza pageti pomwepo, ngakhale akhale munthu womudziwa. Malamulo awo ndikuwakumbukirabe. Mfuti iliyonse uyambe watsegula ndi kuona wekha kuti mulibe chipolopolo, ngakhale mwini wake alumbire. Pa vayisi uike chikopa kapena chubu chakale kuti mano asalume mpope wa mfuti. Sikuludiraiva uinole kuti ikwane ndendende pamutu wa sikuluu, apo ayi uwononga mutuwo ndipo mwini wake adzakutukwana zaka khumi. Tizitsulo tochotsa uziyale pansalu yoyera motsatana monga wazichotsera. Oyilo akhale wochepa, wochuluka amaitana fumbi. Ndipo mpope wa mfuti sawotcherera. Ukang'aluka kapena kutupa, mfutiyo yatha. Poyang'ana m'kati mwa mpope ankaika kapepala koyera padzuwa mbali ina, iwo n'kusuzumira mbali inayo.

Panali chinthu chimodzi. Amuna ambiri osaka amakhulupirira kuti mfuti ikagwiridwa ndi mkazi imasukuluka, makamaka mkazi woyamwitsa. Imayamba kuphonya, nyama n'kumaithawa patali. Ena pofika ankanena poyera kuti mayiwa asayandikire. A Kamwendo ankangoti, "Nagama, katungeni madzi," ine n'kutuluka. Mwini mfuti akapita ankandiitana, n'kundipatsa mfuti yomweyo kuti ndimasule. Tsiku lina ndinawafunsa ngati zimenezi sizingabweretse vuto. Anati, "Chitsulo chimaopa madzi ndi mchere basi. Koma ine sindinatsegule pano kuti ndizitsutsana ndi makasitomala."

1999, Lirangwe

Mayi Kamwendo anamwalira kumayambiriro kwa chaka. A Kamwendo anali mkamwini pamalo paja, ndiye mwambo wa maliro utatha anawasudzula, iwo nati abwerere kwawo ku Lirangwe. Makina tinawakweza m'lole amuna asanu ndi atatu akugwiriza ndi mitengo. Ine ndi bambo anu tinakambirana sabata imodzi, kenako tinatsatira. Bambo anu anakondwa chifukwa kwawo ku Chigaru kunali pafupi, ndipo anayamba kugulitsa matabwa pamsika. Madalitso anabadwira kumeneko.

Nyumba imene a Kamwendo anapeza inali pafupi ndi chigayo, chifukwa cha magetsi. Kutsogolo kunali kachipinda ka benchi ndi njinga, kumbuyo makina, pakati tinapachika chinsalu cha ziguduli. Ku Lirangwe zinthu zinkasowa kuposa ku Chileka. Chitsulo chabwino tinkachifuna ku Ndirande, ine ndinkakwera minibasi m'mawa n'kubwera ndi mashafuti a galimoto zakufa m'thumba, kondakitala akudandaula kuti ndilipire mipando iwiri. Tisipiling'i tina tinkatenga m'maambulera otha. Pothira pa mtengo wa mfuti tinkagwiritsa mafuta a nsatsi. Magetsi akazima tinkagwira ntchito ya tupa, akayaka tinkasiya ngakhale chakudya pamoto. M'chaka cha njala cha 2002 zigayo zinaima, ndipo miyezi ina tinkangokonza njinga za anthu opita kukasaka chimanga kutali.

Zaka zimenezi ndi pamene maso a Kamwendo anayamba kuchita ng'ala. Poyamba ankati magalasi atha mphamvu. Kenako anayamba kundiitana kuti ndiwawerengere muyeso. Pofika 2003 sankaimanso pa makina. Ankakhala kutsogolo, kulandira anthu, kugwiragwira chinthu ndi zala n'kunena vuto lake, ndipo nthawi zambiri ankalondola. Akatero ankalowa nacho kuseri kwa chinsalu, n'kundipatsa, iwo n'kukhala pampando kumandilangiza ndi pakamwa. Anthu ankadziwa kuti ndimasema za zigayo ndi za njinga. Za mfuti ankaganiza kuti ndi a Kamwendo okha. Bambo anu ankadziwa zoona zake, ndipo sanauzepo munthu.

Agogo anu a Makwinja, bambo awo a bambo anu, anali ndi munda waukulu m'mphepete mwa phiri, kumene anyani amatsikira. Mfuti yawo sinali chifefe, inali yaitali ya chipolopolo chimodzi, yakalekale, ndipo pepala lake ankalikonzetsa chaka ndi chaka osaphonya. Anayamba kubwera nayo kwa ife mu 2000, chimanga chikamayamba kukhwima, kuti timange pamene pagwedera ndi kuthira oyilo. Iwo ndi a Kamwendo anali a msinkhu umodzi ndipo ankanyozana ngati anyamata. Lamulo la agogo anu linali limodzi: m'kati mwa mpope musalowe kanthu. Akamaliza kukolola ankalowetsamo mankhwala awo ndi bango, phulusa la mizu losakaniza ndi mchere ndi mafuta, n'kutseka kukamwa kwake ndi kachitsononkho kuti mavu asamangemo. Nyengo yolinda ikafika ankakankha okha mankhwalawo. A Kamwendo ankadziwa kuti mchere si wabwino, ananenapo kamodzi, agogo anu nayankha kuti mfutiyi inayamba kudya mankhwala amenewa a Kamwendo asanadziwe sipanala. Nkhaniyo inathera pomwepo. Ine monga mpongozi ndinkawapatsa moni nditagwada pakhomo, n'kubwerera kuseri. Mfuti yawo ndinkaikonza kunja kokha, monga ananenera.

Febuluwale 2006

Chaka cha m'mbuyo mvula inadula, ndipo anthu anali akudya kamodzi patsiku, maso onse ali pa chimanga cha m'munda. Tadala anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Agogo anu anabwera ndi mfuti Lachinayi, nati adzaitenga Loweruka chifukwa anyani ayamba kale kuthyola.

Ntchito yake inali yochepa. Nditamaliza ndinkapukuta mpope ndi kansalu, ndipo chala changa chinamva pamalo pena potupa, chapakati. Ndi maso sipankaoneka. Ndinabwerezanso katatu. Kenako ndinachita chimene sindinachitepo zaka zonsezo: ndinachotsa kachitsononkho, ndinakankha mankhwala aja, ndinapukuta, n'kuika kapepala padzuwa. M'kati munali ngati mphika wadothi umene wadyeka. Dzimbiri linali litakumba maenje, ndipo pamalo potupa paja panali mzere wakuda wozungulira. Ndinaitana a Kamwendo, ndinawagwiritsa chala pamenepo, ndinawauza zimene ndaona.

"Ikhoza kulira chaka china osachita kanthu," anatero. "Ikhozanso kuphulika Lolemba. Dzanja lamanzere limagwira pomwepa, ndipo nkhope imakhala kumbuyo kwake."

"Ndiye muwauze, bambo."

"Ndiwauza kuti ndaona ndine. Inu mukhale kuseri. Akadziwa kuti ndi inu, mfuti pano sizidzabweranso, komanso kwanu ku Chigaru simudzakhalako bwino."

Ndinavomera. Bambo anu nditawauza anangoti a Kamwendo ndi akulu, adziwa poyambira.

Loweruka cha m'ma 10 koloko agogo anu anafika panjinga. Ine ndinali kuseri kwa chinsalu, Tadala ali kumsana, ndikumva zonse. A Kamwendo anayamba bwino, anafunsa za kumunda, kenako anati mfutiyi yatha, m'kati mwadyeka, isawomberedwenso.

"Mwatsegula m'kati?" anafunsa agogo anu.

"Ndatsegula. Mundikhululukire, koma ndaona zoopsa."

Agogo anu anaseka. "Mwaona? Ndi maso ati, achimwene? Ine polowa pano mwandipatsa moni mukuyang'ana njinga."

"Gwirani apa mumve nokha."

"Manja anga ndi a khasu, samva tinthu ta amisiri. Mfuti iyi yapha anyani chaka chatha, yapha chaka chinacho. Inu mwakalamba, mwayamba kuopa zithunzi. Mankhwala ndikaikamo ena, musadandaule."

"A Makwinja, ndikunena ngati mnzanu."

"Mnzanga akanandipatsa chimanga. Anyani akudya, ine ndili pano kumvera wakhungu akundifotokozera za mdima wa mu mpope."

Ndinamva akukulunga mfuti m'chiguduli. A Kamwendo mphamvu yowalanda analibe, pepala linali la agogo anu. Ndinaima pamenepo ndikuganiza. Ndinadziwa kuti ndikatuluka n'kunena za dzimbiri sandimvera, munthu amene wakana mnzake sangamvere mpongozi. Koma ndinadziwanso chinthu chimodzi chimene sangachikane, chifukwa anali atachikhulupirira moyo wawo wonse. Zotsatira zake ndinkazidziwa, a Kamwendo anali atandiuza kale.

Sindinasambe m'manja. Ndinatsegula chinsalu, ndinagwada chapatali, manja akuda ndi oyilo ali pamaondo.

"Bambo, pepani. Amene waona m'kati ndine. Ndine ndinachotsa mankhwala. Ndiponso chiyambire kubwera nayo kuno, amene amaimasula ndi kuimanga ndine. A Kamwendo amangondiuza."

Agogo anu sanandiyang'ane. Anafunsa a Kamwendo, "Akunena zoona apongozi angawa?"

"Akunena zoona."

"Zaka zonsezi?"

"Kuyambira ulendo woyamba."

"Ndi mwana kumsana?"

"Pena ndi mwana kumsana."

Agogo anu anakhala kaye ataigwira mfutiyo. Ndinkayembekezera kuti mwina afunsa okha kuti nanga anyani onse aja anafa bwanji ngati mfuti inasukuluka kalekale. Sanafunse, ndipo ine sindinawakumbutse, chifukwa sindinkafuna kuti aione ngati idakali yamoyo. Anaitsitsa pabenchi pang'onopang'ono, napukuta manja pa buluku.

"Imeneyi si mfuti yanganso," anatero. "Auzeni apongozi angawa kuti aisunge, poti ndi yawo." Anatuluka, nakwera njinga.

A Kamwendo anapuma mozama. "Nagama, mwatseka Loweruka lathu."

"Ndatseka, bambo."

"Chabwino. Dzukani, shafuti ya chigayo ija akuifuna madzulo."

Patapita masiku atatu agogo anu anatumiza pepala la mfuti kudzera mwa bambo anu, opanda uthenga. Bambo anu ndi a Kamwendo anapita nayo ku polisi kukaipereka monga lamulo linenera. Kunyumba bambo anu sanandikalipire, komanso sanandiyamikire. Anangoti, "Ukanandiuza kaye." Ndinati nthawi inalibe, munthu anali atagwira kale chitseko.

Anyani sanadikire. Ndinapempha a Kamwendo masabata asanu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapita kumunda kwa agogo anu ndi gulaye ndi chitini cha miyala, Tadala kumsana. Ndinkakhala kumtunda kufupi ndi phiri, iwo ankakhala pansanja yawo kumunsi. Anyani amadziwa munthu wopanda mfuti, ndipo amaderera mkazi, ena ankakhala pamwala n'kumandiyang'ana akudya. Mbali ya kumtunda inapita pafupifupi yonse. Zotsalazo zinawafikitsa mwezi wa Novembala, kenako tinkawatumizira ufa kuchokera kwathu. Masabata asanu onsewo sitinalankhulane. Tsiku limodzi lokha mvula itagwa yamphamvu anatsika pansanja, nakaima pansi pa mtengo, kuti ine ndi mwana tikabisale pansanjapo. Itakata ndinabwerera kumtunda.

2006 mpaka 2021

Nkhani inafala msanga. Osaka onse analeka kubwera, ena anabwera kudzatukwana kaye. Mmodzi anati chaka chimene anaphonya nguluwe tsopano wachimvetsa. Anatsala ndi a mfuti za mphepo ndi alonda a esiteti ina amene bwana wawo sankasamala za manja a munthu, koma a Kamwendo chiphaso chitatha sanachikonzetsenso. Loweruka ankangokhala pabenchi. Sanandinenepo mawu oipa, koma ndinkaona kuti chimene ankachikonda chapita, ndipo ndine ndinachichotsa. Anamwalira mu 2013, atauza abale awo kuti makina ndizigwiritsa ine mpaka nditatopa. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ija zigayo za dizilo zinaima ndipo ntchito inachepa, kenako inabwerera ndi njinga zamoto za kabaza. Ndinasiya mu 2021 chifukwa cha msana, ndipo makina ndinawabweza kwa eni ake.

Agogo anu sanadyenso chakudya chophika ine. Akabwera kwathu ankakhala pakhonde, kucheza ndi bambo anu ndi inu, ine ndikabweretsa madzi osamba m'manja ankati adya kale. Ku Chigaru azakhali anu ankanena kuti ndinawapusitsa bambo awo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pamenepo sankanama. Zimenezo ndi zimene munkamva mukapita kutchuthi. Ndinalakwa kuwabisira zaka zonsezo, ndikanakana kuigwira mfuti yawo kuyambira pachiyambi. Koma ndikanakana, chala changa sichikanadutsa pamalo potupa paja. Ndaganizapo kambiri ndipo sindinapeze poimira. Sindingakuuzeninso kuti mfutiyo ikanaphulika. Palibe amene anaiwomberanso, ndiye palibe akudziwa.

Agogo anu anamwalira mu 2017 atadwala masabata awiri. Ine ndinali kumoto ndi amayi anzanga masiku onse a maliro, ndipo nthawi yoona nkhope itakwana sindinafune kupita, poopa kuti azakhali anu anganene kanthu. Bambo anu ndi amene anabwera kudzanditenga, nati tiye. Ndinalowa pamzere kumapeto. Nditafika pabokosi ndinaima pang'ono kuposa anzanga, mpaka wa kumbuyo anandikhudza paphewa. Zaka zonse zija ndinkawapatsa moni nditawerama, ndiye aka kanali koyamba kuwayang'anitsitsa. Anali ataonda, ndevu zoyera atazimeta bwino. Maso onse awiri anali otsekedwa, tsaya lakumanja limene ankatsamiritsa pa mfuti linali losalala, lopanda chipsera. Ndinatuluka, n'kubwerera kumoto.